TSIKU LA ANA PA NCHITO LISAKHALE PHWANDO LA ANA A MABWANA

Caka ndi caka, pa Lacinai lina cakumapeto kwa mwezi wa April, maofesi, mabanki, zipatala ndi nyumba zoulutsira mau za m'dziko la America zimadzaza ndi ana. Makolo amadzuka nao m'mamawa, nawaveka zovala zabwino, napita nao kumene agwira nchito, kuti anawo aone ndi maso ao cimene atate kapena amai ao amacita dzuwa lonse. Ngakhale ku White House, kumene akhala mtsogoleri wa dzikolo, ana a anchito ndi a atolankhani akhala akulandiridwa pa mwambo umenewu zaka zambiri. Mwambowu waoloka nyanja nufika m'maiko ena, ndipo kulikonse kumene wafika anthu amauombera m'manja monga cinthu cosafunika kukambirana. Pakuti ndani angatsutse kuti mwana aphunzire?

Koma nkhani imeneyi ifunika kukambirana, ndipo oyenera kuyamba ndiwo anthu a kumidzi. Monga licitikira m'makampani ambiri, tsikuli litsegulira citseko mwana amene ali kale ndi mfungulo m'thumba mwake, nilisiya panja mwana amene sadziwa ngakhale kumene kuli citsekoco. Mwambo wotere ukafika pa boma la Chipata kapena Petauke anthu ali m'tulo, udzafika ndi matenda ake omwe, ndipo odzaluza ndiwo ana a alimi.

Ciyambi cake cinali cabwino, ndipo cilungamo cifuna kuti zimenezi zinenedwe. M'caka ca 1993 bungwe la akazi la mu mzinda wa New York lochedwa Ms. Foundation for Women, lotsogozedwa ndi Mai Marie Wilson mogwirizana ndi Mai Gloria Steinem ndi Mai Nell Merlino, linapempha anthu a m'dzikolo kuti atenge atsikana a zaka 9 kufikira 15 ndi kupita nao ku nchito tsiku limodzi. Panali cifukwa cake. Ofufuza za kakulidwe ka ana, monga Mai Carol Gilligan a pa yunivesite ya Harvard, anali ataona kuti kamtsikana kakang'ono kalankhula molimba mtima ndi kunena poyera cimene kafuna, koma pofika pa msinkhu wa unamwali mtsikana yemweyo ayamba kudzikayikira, kutsitsa mau ndi kubwerera m'mbuyo. M'caka ca 1992 bungwe lina la akazi ophunzira a m'dzikomo linali litatulutsa lipoti losonyeza kuti m'sukulu zambiri aphunzitsi anali kusamalira anyamata koposa atsikana. Cotero oyambitsa tsikuli anaganiza kuti mtsikana akaona ndi maso ake mkazi ali dokotala, woweruza milandu kapena woyendetsa ndeke, adzadziwa mumtima mwake kuti nayenso angathe.

Dzina limene analipatsa tsikuli ndi Take Our Daughters to Work Day, ndiko kunena kuti tsiku lotenga ana athu akazi ndi kupita nao ku nchito. M'dzina lonseli liu lolemera ndi lakuti "athu". Amai aja sanalembe kuti munthu atenge mwana wake. Colinga cao cinali cakuti munthu aliyense amene ali ndi malo a nchito agwire dzanja la mtsikana, kaya ndi wobala yekha, kaya ndi wa mlongo wake, wa mnansi, wamasiye, kapena wa munthu amene nchito inamuthera. Munthu wa kumudzi safunika womasulira kuti amve zimenezi, pakuti makolo ananena kalekale kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Posakhalitsa panabuka madandaulo akuti anyamata asiyidwa, ndipo m'caka ca 2003 dzina linasinthidwa kuti liphatikize ana amuna. Ena mpaka lero amati pamenepo ndi pamene tsikuli linataya mphamvu. Iai, colakwa cacikulu sicinali cimeneco. Mnyamata nayenso ndi mwana, ndipo mnyamata amene waona amai ake akulamulira amuna makumi awiri pa nchito waphunzira cinthu cimene sadzaiwala. Colakwa cinacitika mwakacetecete, popanda msonkhano kapena cilengezo: liu lija lakuti "athu" linasanduka "wanga".

Makampani atazindikira kuti tsikuli likondweretsa anchito ao ndi kukometsa dzina lao, analilanda nalisandutsa phwando. Ana afika, apatsidwa masikipa olembedwa dzina la kampani, adya keke, apenta zithunzi m'cipinda ca misonkhano, akhala pa mpando wozungulira wa bwana wamkulu kwa mphindi imodzi wojambula ali cire, ndipo madzulo zithunzizo ziri kale pa Facebook kusonyeza dziko kuti kampaniyi ikonda mabanja. Kodi mwanayo waphunzira ciani za nchito? Waphunzira kuti ku nchito kuli keke. Sanaone mmene malipiro awerengedwera, sanaone cimene cicitika makina akafa, sanamve munthu akudzudzulidwa kapena kuyamikiridwa cifukwa ca nchito ya manja ake. Si makampani onse amene acita motere, ndipo alipo amene akonza tsikuli mwanzeru. Koma ngakhale iwowa sathawa funso laciwiri, limene liri lowawa koposa loyamba.

Funsolo ndi ili: ndani angathe kubwera ndi mwana wake? Loya angathe. Mkulu wa banki angathe. Mphunzitsi wa pa yunivesite angathe, ndipo mwana wake adzaceza ndi anzao a atate ake amene m'tsogolo adzamulembera makalata a umboni pofuna malo. Nanga mai amene asesa ofesi yomweyo usiku anthu onse atapita? Nanga bambo amene athyola zipatso m'mapulazi a ku California, amene malipiro ake ayendera kuculuka kwa zimene wathyola? Nanga wogwira nchito m'nyumba yophera ng'ombe, kumene mwana sangaloledwe ngakhale pa cipata? Nanga wolipidwa pa ora, amene aopa kuti akapempha cinthu cotere kwa kapitao adzauzidwa kuti mawa asabwere? Nanga amene alibe nchito konse? Ana a anthu onsewa amapita ku sukulu monga mwa masiku onse, napeza mipando ya anzao iri yopanda anthu. Palibe amene awauza cifukwa cake, koma ana si opusa. Phunziro limene atenga tsiku limenelo ndi lakuti pali ana amene makolo ao ali ndi nchito yoonetsa, ndipo pali ena amene makolo ao ali ndi nchito yobisa. Tsiku limene linakonzedwa kuti likweze mtima wa mwana wodzikayikira lifika pomutsimikizira kuti anali kuganiza zoona.

Akulu a sukulu m'madera ena a dzikolo akhala akudandaula kuti tsikuli lisokoneza maphunziro, ndipo ena anakana kulola ana kujomba cifukwa ca ilo. Dandaulo lao liri ndi mbali yoona, pakuti mphunzitsi sangaphunzitse mutu watsopano kwa kalasi logawika pakati. Koma mankhwala amene ena apereka, akuti tsikuli lingothetsedwa, ndi mankhwala a munthu amene aotcha nkhokwe cifukwa mwalowa khoswe. Mwana wa bwana sadzaluza kanthu tsikuli likathetsedwa. Iye amva nkhani za nchito pa cakudya ca madzulo aliwonse, adziwa maina a maudindo asanathe giledi 3, ndipo pa chuti amapita ku ofesi ya atate ake popanda wina kulichula tsiku la maphunziro. Woluza ndi yemwe uja amene analibe njira ina.

Dziko la Canada linayesa njira yosiyanako. Kuyambira m'caka ca 1994 bungwe lochedwa The Learning Partnership linakonza tsiku lotere kupyolera m'masukulu, la ana a giledi 9, pa Lacitatu loyamba la November, ndipo mwana analoledwa kupita ndi kholo, mbale, mnansi kapena munthu wina wodzipereka. Koma ku Canada komweko ndi kumene kunacokera cenjezo loopsa. Mu November 2000, m'tauni ya Welland m'cigawo ca Ontario, ana awiri a zaka 14 anafa pa fakitale yopanga makina a ulimi pa tsiku limeneli, pamene kagalimoto kakang'ono kamene anakwera kanagunda ngolo ya cilole imene inaima. Makolo anatuluka m'nyumba m'mawa ndi ana amoyo, nabwerera opanda ana. Amene aganiza kuti kulandira ana pa malo a nchito ndi nkhani yongotsegula cipata akumbukire Welland. Fakitale, cipatala ndi mgodi sizinamangidwire ana, ndipo woitana ana asenza mlandu wa moyo wao kuyambira pa cipata kufikira atatuluka.

Amene anaona bwino pamene pali bvuto ndi a ku Germany. Tsiku lao la atsikana, limene linayamba m'caka ca 2001 mothandizidwa ndi boma, silifunsa kuti atate a mtsikana agwira kuti. Makampani, malo ofufuzira nzeru ndi sukulu za umisiri zimalengeza malo amene ziri nao, ndipo mtsikana aliyense wa giledi 5 kupita m'tsogolo angalembetse yekha kukaona nchito za magetsi, za makina ndi za makompyuta, kumene akazi ali ocepa. M'caka ca 2011 anawonjezapo tsiku la anyamata, lakuti akaone nchito za unamwino, kulera ana ndi kusamalira okalamba. Ku South Africa, kampani ya mafoni ya Cell C inayambitsa m'caka ca 2003 tsiku lotenga atsikana a ku sekondale ndi kupita nao ku malo a nchito, ndipo ambiri a iwo anali kutengedwa kupyolera m'masukulu. Kampaniyo nayonso inali kufuna kuchuka, zimenezo n'zosabisika. Komabe poyambira pa sukulu m'malo moyambira pa buku la malipiro, inafikira ana amene makolo ao sanalowepo mu ofesi.

Tsono nkhani imeneyi ikhudza bwanji munthu wa ku Vubwi, ku Chadiza kapena ku Lumezi? Mwana wa mlimi safunika tsiku lapadera kuti aone nchito ya makolo ake. Anaiona ali kumbuyo kwa amai ake m'munda. Pofika zaka khumi adziwa kupalira, kukolola nshawa, kuthirira dimba, kumanga ng'ombe pa goli ndi kuzindikira mitambo ya mvula. Maphunziro amenewa ndi akale koposa sukulu iliyonse, ndipo wakuwanyoza adya nsima yolimidwa ndi omwe awanyozawo. Pa mbali imeneyi anthu a ku New York anali kufunafuna cinthu cimene mudzi sunataye konse.

Cimene mwana wa kumudzi asowa ndi kuona nchito zimene makolo ake sagwira. Thonje limene analima ndi manja ake amaliona komaliza likukwezedwa pa lole. Sadziwa makina amene acotsa njere zake, kapena munthu amene akonza makinawo akafa, kapena maphunziro amene munthuyo anacita. Amamwa mankhwala a malungo, koma sanayang'anepo m'makina oonera tizilombo m'magazi. Akafunsidwa cimene afuna kudzakhala, achula uphunzitsi, unamwino kapena upolisi, osati cifukwa nzeru zake zathera pamenepo, koma cifukwa anthu olandira malipiro amene anawaonapo ndi omwewo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cotero tsiku la ana pa nchito lingapindulire mwana wa kumudzi koposa mwana wina aliyense, ndipo ndiye amene lidzamusiya ngati lamulo lake ndi lakuti wolowa akhale mwana wa wanchito wa pamalopo. Pa boma lililonse olembedwa nchito ndi ocepa, olima ndi oculuka. Lamulo lotere litanthauza kuti mwana wa kalaliki akaone ukalaliki, mwana wa dokotala akaone udokotala, ndipo mwana wa khasu akhale ndi khasu.

Zambia anaionapo kale nkhondo imeneyi. M'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu zonse zikhale ndi minda, makola kapena nchito za manja, kuti maphunziro ayendere pamodzi ndi nchito. M'caka ca 1976 Unduna wa Maphunziro unatulutsa maganizo ochedwa Education for Development, amene anafuna kuti mwana aliyense, wa nduna ndi wa mlimi yemwe, aphatikize kuphunzira ndi kugwira nchito. Anthu anakambirana m'dziko lonse, ndipo mau a apamwamba, amene ana ao anali kukhoza kale m'njira yakale, anamveka koposa. Cikalata comaliza ca 1977 cinatuluka citacotsedwa mano. M'sukulu zambiri munda unasanduka malo a cilango ca ocedwa ndi olongolola m'kalasi, ndipo ana anakula akudziwa kuti khasu ndi cibalo. Matendawa ndi amodzimodzi ndi a ku America: pamene anthu alankhula za mwana ndi nchito, mwana wa wolemera amapatsidwa ulendo wokaona, mwana wa wosauka amapatsidwa mpini.

Pano payenera kunenedwanso mau kwa ena a m'midzi momwemo, amene akamva nkhani yotere amakondwera msanga nati, "Ndiye cimene ticita ife, tiphunzitsa ana nchito." Pali kusiyana pakati pa kuphunzitsa mwana nchito ndi kumusandutsa waganyu wosalipidwa. Mwana amene ajombetsedwa sukulu milungu yathunthu kuti athyole ndi kusoka fodya sali pa maphunziro. Masamba a fodya akanyowa ndi mame, cikonga cake cilowa m'thupi kupyolera pa khungu, ndipo cidwalitsa mwana mutu, cizungulire ndi kusanza, pamene makolo aganiza kuti ndi malungo. Mankhwala ophera tizilombo m'thonje ndi m'fodya sayenera kukhudzidwa ndi mwana. M'caka ca 2001 Zambia anasaina pangano la maiko loletsa nchito zoipitsitsa za ana, ndipo lamulo la za nchito la 2019 liletsa kulemba mwana wamng'ono nchito imene iwononga thanzi kapena maphunziro ake. Kuyambira mu January 2022 malipiro a sukulu za Boma anathetsedwa kufikira giledi 12. Cifukwa cakale cakuti ndalama za sukulu zasowa cacepa mphamvu, ndipo kholo limene lisunga mwana m'cigafa ca fodya nthawi ya sukulu lisabisale kumbuyo kwa mwambo. Munthu sangadzudzule mabwana a m'tauni kuti atsekera ana a alimi panja, pamene iye mwini atsekera mwana wake m'munda.

Malo oyenera kuonetsa ana alipo ndipo sali kutali. Pafupi ndi Chipata pali Msekera, kumene akatswiri a za ulimi ayesa mbeu za nshawa ndi mbeu zina zisanafike kwa alimi. Mwana amene adziwa kale nshawa ndi manja ake angamve nchito imeneyo msanga koposa mwana wa m'tauni, ndipo mwina ndiye katswiri wa mawa. Ku Katete kuli cipatala ca St Francis ndi sukulu yake ya anamwino. Kuli mafakitale a thonje, kuli bwalo la ndeke la Mfuwe, kuli nyumba za wailesi zoulutsa m'Cinyanja, kuli makhoti, mabanki ndi maofesi a magetsi ndi a madzi pa maboma. Wina wa malo amenewa akaganiza zolandira ana a anchito ake, acita bwino, ndipo palibe amene ayenera kumuletsa. Mesenjala ndi mlonda wa pa cipata nao ndi anchito, ndipo ana ao akhale oyamba kulowa. Koma pa mwana aliyense wa wanchito pakhale wina wocokera ku sukulu ya kumudzi, ndipo theka la onse likhale atsikana, pakuti m'Cigawo ca Kum'mawa atsikana ambiri akali kusiya sukulu cifukwa ca mimba ndi maukwati a ubwana, ngakhale kuti kuyambira m'caka ca 1997 lamulo lilola mtsikana kubwerera ku sukulu atabala.

Ana amenewa asasankhidwe ndi bwana wa kampani kapena ndi khansala ali yekha m'cipinda. Asankhidwe ndi aphunzitsi pamodzi ndi komiti ya makolo, nyakwawa ikudziwa. Akafika, asatsekeredwe m'holo kumvera malankhulidwe aatali a akuluakulu. Agawidwe m'timagulu tating'ono, kagulu kalikonse ndi munthu wamkulu wokayang'anira, kutali ndi makina oyenda ndi mankhwala oopsa, ndipo aloledwe kuona nchito yeniyeni, kugwira cimene cingagwiridwe mosaopsa, ndi kufunsa wanchito aliyense mafunso atatu amene mwana wa bwana adziwa kale mayankho ake: kodi munaphunzira ciani, munaphunzira kuti, ndipo ndalama zake munazipeza bwanji?

Padzakhala onena kuti zoyendera n'zobvuta ndipo ndalama palibe. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko za dera la phungu aliyense zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Makampani amene agula thonje ndi fodya ali ndi malole amene adziwa njira ya mudzi uliwonse nthawi ya misika. Njira imene lole ipita kukatenga mabelo siikula tsiku lokatenga ana. Mamembala a cipani m'nthambi, makomiti a citukuko a m'mawodi ndi mafumu ali ndi pakamwa pofunsira zimenezi pa misonkhano, ndipo afunse nyengo ya misika isanafike, pamene ogula akali kufuna kukondweretsa alimi.

Ndipo tsikulo likatha, maina a ana amene anapita awerengedwe poyera pa msonkhano wa makolo, pamodzi ndi maina a midzi imene anacokera, kuti ngati m'ndandandamo muli ana a khansala, a hedimasitala ndi a kalaliki wa pa boma okhaokha, anthu adziwe woti amufunse.